Funsani Achemwali: Mastazi ya malamulo a misonkho ikutha, koma ntchito sikuoneka

Achemwali,

Ndine mtsikana wa zaka 29, kwathu ndi ku Ntcheu. Digiri ya zamalamulo ndinatengera ku Zomba, ndipo nditaloledwa kuyimira anthu kukhoti ndinagwira zaka ziwiri pa ofesi ina yaing'ono ya maloya ku Lilongwe, komwe milandu yambiri inali ya malo ndi ngongole. Chaka chatha ndinapeza mwayi wobwera kuno ku Joni kudzachita mastazi ya malamulo a misonkho, ndipo ndimaliza mu Novembala. Pasukulu pano pali ofesi yothandiza ophunzira kupeza ntchito. Anthu ake ndi aulemu, CV anandikonzera, koma ntchito zomwe amatiuza ndi za kuno zokhazokha, ndipo zambiri zimafuna nzika kapena munthu amene ali kale ndi chilolezo chogwirira ntchito. Kumudziko ndatumiza makalata 14 chiyambire Epulo. Yankho ndalandira limodzi, nalonso longoti kalata yafika. M'nyuzipepala sindinaonepo akuti akufuna loya wa misonkho. Mayi anga akaimba foni amangofunsa kuti ndikabwera ndikayambira pati. Kodi ndinalakwitsa kusankha maphunziro amenewa? Nditsale kuno n'kumayesa mwayi, kapena ndibwere?

Ine mng'ono wanu, ku Gauteng

Mng'ono wanga,

Simunalakwitse. Mawu amenewo muwamve kaye tisanapite patali, chifukwa kalata yanu ikuchita kuonetsa kuti inalembedwa usiku tulo titakana. Ine ndakhala pa ntchito ya misonkho kuno ku Blantyre zaka zoposa 15, ndipo sindikukumbukira chaka chimene ntchito inatichepera. Amene amachepa ndi anthu oti ukawasiyira fayilo upite kunyumba mtima uli m'malo. Kungoti ntchitoyi ili ndi khalidwe lake: siilengezedwa ndi dzina limene inu mukulisaka. Mukadikira tsiku loti The Nation kapena The Daily Times ilembe kuti pakufunika loya wa misonkho, mvula igwa mpaka kukata mukadali chidikirire.

Imabisala m'maina ena. Ku MRA, bungwe la boma lotolera misonkho, ku Msonkho House, kuli maloya a bungwelo, koma kulinso mbali yoona za makampani akuluakulu, yofufuza ozemba msonkho ndi ya kasitomu, kumene munthu wodziwa malamulo ndi wofunika ngakhale dzina la udindo wake silitchula za uloya. Ku makampani owerengera ndalama ngati Deloitte, EY ndi Grant Thornton, amene amagwira za misonkho ambiri ndi maakauntanti, ndipo nkhani ikafika potanthauzira lamulo kapena ikayamba kununkha khoti, amasaka loya. M'mabanki, m'makampani a mafoni, a fodya ku Kanengo, a shuga ku Nchalo ndi ku Dwangwa, a tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje, mpando umalengezedwa ngati wa loya wa kampani kapena wa compliance, woonetsetsa kuti kampani ikutsatira malamulo, koma amene akhalepo adzapeza kuti gawo lalikulu la makalata a patebulo pake ndi la msonkho. Ku Capital Hill, unduna wa zachuma uli ndi nthambi yokonza mfundo za misonkho, ndipo mabilu amene nduna imakawerenga ku Nyumba ya Malamulo amadutsa m'manja mwa maloya a unduna wa zachilungamo. Musaiwalenso kuti African Tax Administration Forum, bungwe la otolera misonkho a mu Africa lomwe linakhazikitsidwa mu 2009, likulu lake lili ku Pretoria, pakhomo panu pomwepo.

Tsono makalata anu 14 aja. Sindinawaone, koma ndikukhulupirira kuti onse akuyamba ndi mastaziyo. Apa ndi pomwe ndikufuna tichedwepo, chifukwa ndi pomwe ambiri obwera ndi mapepala apamwamba amapunthwa.

Ine nditangoyamba kumene, bwana wanga anandipatsa kasitomala, bambo wina wa sitolo ya zipangizo zomangira ku Limbe. Anabwera ndi kalata ya assessment, yomuuza msonkho umene amuwerengera kuti alipire, m'thumba la jekete, ndi majumbo awiri odzaza malisiti, ena inki itafufutika, ena atamangidwa ndi mphira m'mitolo ya mwezi ndi mwezi. Ndinakhala masiku atatu ndikulemba kalata yotsutsa, yodzaza ndime za malamulo ndi zigamulo za makhoti a ku England. Pa ofesi yoyandikana nafe panali akauntanti wina wachikulire, amene sanaphunzirepo malamulo. Ndinamupatsa kuti awerenge. Anawerenga yonse magalasi ali pamphuno, kenako n'kundifunsa mofatsa kuti, "Mayi, ndalama imene bamboyu akukanayi yachokera pati?" Ndinalibe yankho. Anakhuthula majumbo aja patebulo, n'kutenga rula ndi pensulo, ndipo tinayamba kufananitsa malisiti ndi sitetimenti ya kubanki, mzere ndi mzere, mpaka magetsi a mumsewu anayaka. Tinapeza kuti kalaliki wa bamboyo ankalemba kawiri katundu wogulitsidwa pangongole, tsiku lomwe munthu watenga simenti ndi tsiku lomwe wabwera kudzalipira. Msonkho unawerengedwa pa malonda omwe sanachitike. Kalata imene tinatumiza inali ya tsamba limodzi ndi theka, manambala ali kumbuyo, ndipo nkhani inathera pomwepo osafika kukhoti. Bambo uja anandigwira chanza ndi manja awiri. Akauntantiyo anamwalira kalekale, koma mpaka lero ndikalandira fayilo yatsopano funso loyamba limakhala lake lija.

Mlandu wa msonkho umayambira m'mabuku a ndalama, lamulo limabwera pambuyo. Loya amene amaopa manambala amakhala womangodikira akauntanti kuti amuuze chomwe chachitika, ndipo olemba ntchito amamuzindikira msanga. Ndiye pakati pa lero ndi Novembala, pezani mnzanu wophunzira za akaunti pasukulu panupo, mumugulire khofi, akuphunzitseni kuwerenga mabuku a kampani. Zophunzirira zake n'zaulere. Makampani onse a pa msika wa masheya wa Malawi Stock Exchange, monga Illovo, Press Corporation, National Bank, TNM ndi Airtel, amatulutsa malipoti a pachaka pa intaneti. Tsegulani limodzi, mupite pa tsamba lofotokoza za msonkho. Kampani yolembetsedwa m'dziko muno msonkho wake woyambira ndi 30 peresenti ya phindu, koma mukachita masamu mupeza kuti zomwe zalembedwa sizikugwirizana ndendende ndi 30 ameneyo. Tsambalo limafotokoza chifukwa chake: ndalama zina zomwe kampani inagwiritsa ntchito koma lamulo silizilola kuchotsera, ndi zina zomwe inapeza koma sizidulidwa msonkho. Tsiku limene mudzathe kufotokozera munthu tsamba limenelo mosadodoma, mudzakhala mwasiyana ndi maloya ambiri amene ndimawadziwa. Ngati m'tsogolo mudzakhale ndi kangachepe kolipirira mayeso, ganiziraninso za ADIT, dipuloma ya misonkho ya pakati pa mayiko yochokera ku Chartered Institute of Taxation ya ku Britain, yomwe munthu amatha kulemba uku akugwira ntchito. Koma imeneyo si ya changu.

Chachangu ndi malamulo a kwathu. Chaka chonsechi mwakhala mukusambira mu Income Tax Act ya 1962 ya ku South Africa, m'zochita za SARS, bungwe lotolera misonkho kumeneko, ndi m'mabuku a OECD, bungwe la mayiko loona za chuma. Zonsezo n'zabwino, koma pa intavyu ya kuno adzakufunsani za Taxation Act, za Value Added Tax Act ya 2005, za Customs and Excise Act, ndi malamulo awiri amene aphungu anavomereza mu 2021, la Tax Administration ndi lokhazikitsa Revenue Appeals Tribunal, bwalo lomva madandaulo a misonkho. Adzakufunsaninso zing'onozing'ono zomwe mabuku a mastazi sazilabadira. PAYE, msonkho wodulidwa pa malipiro a antchito, ndi withholding tax, umene wolipira amadula asanapereke ndalama kwa mwini wake, zimakaperekedwa pofika pa 14 mwezi wotsatira. VAT ndi pa 25. Kampani ili ndi masiku 180 chaka chake chikatha kuti ipereke mafomu a msonkho wa pachaka. Munthu akalandira assessment yomwe sakugwirizana nayo, ali ndi masiku 30 oti atsutse, ndipo kasitomala wa kwathu kuno amabwera nayo atasunga m'galimoto masabata atatu. Chiyambire 2022 chaka cha boma chimayamba pa 1 Epulo, ndipo bajeti iliyonse imasintha zina, choncho musaloweze pamtima maperesenti a m'buku lakale. Tengani atsopano pa tsamba la MRA. Khoti Lalikulu lili ndi nthambi yake yoona za milandu ya misonkho, ndipo zigamulo zambiri zili pa tsamba la pa intaneti la MalawiLII kwaulere. Werengani chimodzi sabata iliyonse, mulembe m'kope lanu kuti mkangano unali pati, ndani anapambana, ndipo chifukwa chiyani.

Zaka zingapo zapitazo ndinakhala nawo pa gulu lofunsa mafunso ofuna ntchito. Panabwera mnyamata wanzeru kwambiri, mastazi yake ya kunja, ndipo analankhula bwino zedi za momwe makampani akuluakulu a padziko lonse amasamutsira phindu. Titamufunsa kuti kasitomala wathu akalipira kampani ya kunja yomwe yamugwirira ntchito adule msonkho wochuluka bwanji ndipo akapereke liti, anangoti akafufuza. Zinandiwawa, chifukwa ndinaona kuti mutu ulipo, koma anzanga anasankha mtsikana wa digiri imodzi amene anayankha pomwepo kuti 15 peresenti, pokhapokha ngati pali pangano la misonkho ndi dziko lomwe kampaniyo ikuchokera. Sindikufuna zimenezo zidzakuchitikireni.

Musamve ngati ndikunyoza zomwe mwaphunzira. Mukaphatikiza ndi za kwathuzi, ndi zomwezo zidzakuikeni patsogolo, chifukwa dziko lino likusowadi anthu odziwa misonkho ya pakati pa mayiko. Pangano lathu la misonkho ndi Britain linasainidwa mu 1955, nthawi ya chitaganya, dziko lisanalandire n'komwe ufulu. La South Africa ndi la 1971. Mu 2015 bungwe la ActionAid linatulutsa lipoti lonena kuti Malawi inataya pafupifupi madola 43 miliyoni m'zaka 6 pa mgodi wa Kayelekera ku Karonga, kudzera m'misonkho yomwe boma linakhululukira kampani ya Paladin komanso ndalama zomwe zinkadutsira ku Netherlands. Kaya munthu agwirizane ndi chiwerengerocho kaya ayi, nkhaniyo inatsegula anthu maso. Mu 2017 kunabwera malamulo atsopano a transfer pricing, oona za mitengo imene makampani apachibale amagulitsirana zinthu. Lero kukukambidwa za miyala ya ku Kasiya, ku Kangankunde ku Balaka ndi ku Songwe Hill ku Phalombe, ndipo mgwirizano uliwonse wa migodi uli ndi ndime za msonkho zomwe zidzatimanga zaka makumi. Kumbali ya boma kukufunika anthu oziwerenga ndi maso awiri, kumbali ya makampani chimodzimodzi. Ndipo kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, makampani okhala ndi ngongole za madola anadzuka ndi mafunso a momwe kuluza kumeneko kungawerengedwere pa msonkho. Ngati pepala lanu lomalizira simunatsirize, lipotozeni kuti likhudze imodzi mwa nkhani zimenezi.

Tsopano za kagogodedwe ka zitseko. Kalata yopita kwa "wolemba ntchito" wopanda dzina imathera m'katoni. Anthu a misonkho m'dziko muno ndi ochepa moti tonse timadziwana. Timakumana pa maphunziro amene bungwe la maakauntanti la ICAM limakonza bajeti ikangotuluka, pa misonkhano ya Malawi Law Society, ndi kunyanja ku Mangochi. Fufuzani pa LinkedIn amene amatsogolera za misonkho pamalo pomwe mukufuna, mulembere iyeyo. Musamupemphe ntchito m'kalata yoyamba. Muuzeni kuti ndinu ndani m'mizere itatu, mupemphe mphindi 20 pa foni zoti akuuzeni zomwe amayang'ana akamalemba munthu, ndipo muphatikizepo kanthu kolemba nokha. Kanthu kake kakhale ka masamba awiri, osapitirira: mwina kusintha kumodzi kwa mu bajeti ya chaka chino ndi momwe kukhudzire eni nyumba za lendi, kapena chigamulo chimodzi cha khoti mutachifotokoza m'Chingerezi chosavuta. Ine munthu akanditumizira zotero ndimawerenga, ngakhale ndili wotanganidwa, chifukwa zimandionetsa momwe angalembere kasitomala wanga. Masamba a zamalonda m'nyuzipepala zathu amalandiranso nkhani zotere, ndipo dzina likaoneka kawiri katatu anthu amayamba kulikumbukira. Ndikudziwa kuti ife ana aakazi tinaleredwa kuti tisamadzionetsere, koma mbewa ya manyazi inafera kuuna, mng'ono wanga. Mwa anthu khumi mwina ayankha awiri. Awiriwo akukwanirani poyambira.

Ofesi ya pasukulu panuyo musaitaye, ingosinthani zomwe mukuipempha. Ntchito za ku Malawi sangazidziwe, koma angathe kukupatsani maina a anthu a kuno, a ku Zambia kapena a ku Zimbabwe amene anadutsa pa kosi yomweyo n'kubwerera kwawo. Angathe kukuyesani intavyu yoyeserera. Ndipo aphunzitsi anu, makamaka amene amagwira ntchito ndi maboma a mu Africa, apempheni kalata yokuchitirani umboni mukadali pamaso pawo, chifukwa mukachoka adzakhala ndi ophunzira ena. Onetsetsaninso kuti chiphaso chanu chogwirira ntchito ya uloya kuno chili bwino ndi a Law Society. Ngati chinatha, yambani lero kufunsa zofunika kuti chikonzedwenso.

Mwafunsa ngati mutsale. Ine ndikuti bwerani, pokhapokha mutakhala ndi kalata ya ntchito m'manja ndipo abwana akewo avomera kukuthandizani za chilolezo. Kutsala mongoyesa mwayi ku Joni kumadya ndalama ndi mtima womwe, ndipo mukapitiriza masiku a viza, malamulo a kumeneko amalola kuti akuletseni kulowanso m'dzikomo kwa chaka chimodzi mpaka zisanu. Kwa loya, limenelo ndi banga loti lidzakutsatani pa fomu iliyonse. Nthawi yomwe mukubwererayo ndi yabwinonso. Makampani ambiri amatseka mabuku pa 31 Disembala, kutanthauza kuti kuyambira Januwale mpaka kumapeto kwa Juni maofesi a misonkho amakhala pa kalikiliki, ndipo pakati pomwepo bajeti imaperekedwa. Munthu amene wagogoda mu Januwale n'kunena kuti ndipatseni miyezi itatu muone, amamvedwa kusiyana ndi wogogoda mu Ogasiti.

Pali khomo lina lomwe simunalitchule, ndipo ndikudabwa: ofesi yanu yakale ya ku Lilongwe ija. Ngati munasiyana nawo bwino, pitani mukawaone. Aliyense amene munkamuthandiza kugula kapena kugulitsa malo anali ndi nkhani ya stamp duty, msonkho wa pa zikalata zosinthira umwini, ndi ya msonkho wa pa phindu la malondawo. Eni nyumba za lendi amadulidwa withholding tax. Chuma cha masiye chili ndi msonkho wake. Wamalonda amene katundu wake wagwidwa pa chipata cha Mwanza kapena cha Dedza amathamangira kwa loya yemwe amamudziwa kale, ndipo maofesi ang'onoang'ono ambiri amangomutumiza kwina chifukwa alibe wodziwa za kasitomu. Mukawauze kuti mukufuna kutsegula tebulo la misonkho pa ofesipo. Malipiro oyamba angakhale owawa mukaganizira zomwe mwavutikira, sindikubisirani, koma fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo pakatha chaka mudzakhala ndi mafayilo enieni oti muziwatchula pa intavyu ina iliyonse.

Wina akadzakuimbirani kuti ali ndi m'bale wake wamkulu kwinakwake, mutumize kangachepe pa foni kuti dzina lanu lilowe, mudule foniyo. Amenewo amasaka anthu ngati inu, obwera kumene ndi otopa.

Za mayi, auzeni zoona. Auzeni kuti mukubwera, kuti pangatenge miyezi ingapo, ndipo muwafotokozere zomwe mukuchita sabata iliyonse. Funso lawo lija si lokukakamizani. Akungofuna kudziwa kuti mwana wawo sakuvutika yekha kutali. Mukafika mu Disembala mundilembere kudzera kwa akonzi, mutumize ndi masamba awiri aja, ndidzawawerenga ndi pensulo.

Achemwali,

Ine ndili ku Mangalande, ndikumaliza mastazi ya misonkho pa thandizo la maphunziro la boma la Britain lotchedwa Chevening. Digiri yoyamba ya malamulo ndinatengeranso kunja, ndipo kumudzi sindinalembetsedwepo ngati loya. Anzanga a m'kalasi akufunsira viza yoti atsale zaka ziwiri akugwira ntchito kuno. Kodi nanenso ndingatero? Nanga ndikabwera, ndingagwire ntchito ya misonkho ndisanaloledwe kuyimira anthu kukhoti?

Mlongo wanu, ku Leeds

Achimwene,

Bwererani ku mapepala amene munasaina polandira thandizolo. Chevening imafuna kuti mukamaliza mubwerere kwanu kwa zaka zosachepera ziwiri, ndiye njira imene anzanu olipira okha akutengayo kwa inu ndi yotseka. Musayese kuizembera, munapereka mawu anu, ndipo ntchito yomwe mwasankhayi imayenda ndi kukhulupirika kwa siginecha ya munthu.

Funso lachiwirilo yankho lake ndi inde. Kulangiza za misonkho pa kampani yowerengera ndalama, kubanki, ku MRA kapena ku bungwe lofufuza za chuma sikudikira kuti mulumbire pamaso pa Mkulu wa Oweruza. Chomwe simungachite ndi kudzitcha loya wovomerezeka kapena kuyimira kasitomala kukhoti. Popeza digiri yanu ndi ya kunja, njira yanu idutsira ku Malawi Institute of Legal Education ndi mayeso a malamulo a dziko lino, malinga ndi lamulo la Legal Education and Legal Practitioners. Alembereni mukadali komweko, mufunse nthawi yomwe amalandira ophunzira ndi mapepala omwe amafuna, chifukwa masatifiketi ndi zotsatira za mayeso n'zosavuta kuzitsimikizitsa muli pafupi ndi sukulu zomwe zinakupatsani kusiyana ndi kudzazilondola muli ku Chilomoni. Zonse zomwe ndauza mlongo wanu pamwambapa zokhudza manambala ndi malamulo a kwathu ndi zanunso, ndipo inu muli ndi mwayi wina: pangano la 1955 lija, werengani momwe a ku Britain amalitanthauzira laibulale ya pasukulu isanakutsekereni khadi.